Ndigule pulasitiki iti ya printa ya 3D kuti zinthu zisamapindike padzuwa?

Funso lochokera ku Chipata: "Ndili ndi kashopu kokonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata. Ndinagula printa ya 3D yakale, yotseguka yopanda bokosi, yokankha filamenti (ulusi wa pulasitiki) kudzera mu kachubu koyera, ndipo inabwera ndi mipukutu iwiri ya PLA. Zidole ndi tokolowekera makiyi zimatuluka bwino. Koma chogwirira foni chimene ndinapangira mnyamata wa njinga yamoto chinapindika sabata isanathe, ndipo mpukutu wotsala ukungothyokathyoka. Tsopano alimi ayamba kundifunsa tizigawo ta masipuleya, zolumikizira mapaipi a m'dimba ndi tomwera nkhuku. Pa intaneti ena akuti ABS ndiyo yolimba, ena akuti nayiloni. Ndalama zanga zingakwane mipukutu itatu yokha kuchokera ku Lusaka. Ndigule iti?"

Zikomo kwambiri, bambo. Mtima ukhale pansi, printa yanu ndi yabwinobwino ndipo simunalakwitse posindikiza. Mavuto awiri mwatchulawa ndi chibadwa cha PLA, ndipo aliyense wogwira ntchitoyi kumalo otentha amakumana nawo. Posankha pulasitiki muziyamba mwaganiza za kumene chinthucho chikakhale: padzuwa kapena m'nyumba, m'madzi kapena m'mankhwala, chikanyamule katundu kapena chikangokhala pashelefu. Mukatero muone ngati printa yanu ndi malaiti athuwa zingakwanitse pulasitiki imeneyo. Kulimba kolembedwa pa intaneti kumabwera pambuyo pa ziwirizi.

Tiyambe ndi chogwirira foni chija. Pulasitiki iliyonse ili ndi kutentha kuwiri kofunika kukudziwa. Koyamba ndi kumene imasungunukira mu nozzle (kamlomo kotentha kotulutsa pulasitiki), ndipo kumalembedwa pa mpukutu. Kwachiwiri ogulitsa ambiri salemba, koma ndiko kumasonyeza ngati chinthu chidzakhalitsa: ndi kutentha kumene chinthu chomalizidwa chimayambira kufewa chisanasungunuke n'komwe. PLA imayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. PETG imapirira kufika pafupifupi 80, ASA pafupifupi 100, ABS pafupifupi 105. Mu Okutobala kuno ku Chipata mpweya umapitirira madigiri 30, ndipo kuchigwa cha Luangwa, ku Mfuwe, umafika 40 n'kupitirira. Umenewo ndi mpweya chabe. Chinthu chakuda chokhala padzuwa masana onse, kapena chosiyidwa mu motoka yotseka mawindo, chimafika 60 mosavuta. Onjezani kuti chogwiriracho chinali chomangidwa ndi bawuti ndipo chimafinya foni tsiku lonse. PLA ikamapanikizidwa kosalekeza imagonja pang'onopang'ono ngakhale kutentha kusanafike 55. Mpake chinapindika.

Musanyengeke ndi mipukutu yolembedwa PLA+ kapena Silk. PLA+ siphwanyika msanga ikagwa, koma imafewa pa kutentha komwe kuja. Silk imanyezimira bwino pa zikho za mphatso ndi zokongoletsera, koma mizere yake sigwirana kwenikweni. PLA ikhale ya zinthu za m'nyumba: zida zophunzitsira kusukulu, zilembo za pakhomo la ofesi, ndiponso zoyesera muyezo musanawononge pulasitiki yodula. Pa ntchito zimenezi palibe yoiposa, chifukwa imasindikizika pa madigiri 200 mpaka 215, bedi (mbale yotentha imene chinthu chimasindikizidwirapo) lili pa 50 mpaka 60, ndipo sikwinyika kwenikweni pozizira.

Pa ntchito zambiri zimene alimi akukufunsani, pulasitiki yanu ndi PETG. Ndi m'bale wake wa pulasitiki ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, yosinthidwa pang'ono kuti isindikizike bwino. Siopa madzi, imayamba yapindika pang'ono isanathyoke, mizere yake imamatirirana mwamphamvu, ndipo imasindikizika pa printa yotseguka ngati yanuyo. Ikani nozzle pa 230 mpaka 240, bedi pa 75 mpaka 80, liwiro la mamilimita 40 mpaka 50 pa sekondi. Fani yoziziritsa muizimitse pa mizere iwiri yoyamba, kenako iziyenda pa 30 mpaka 50 peresenti. Mukaiika pa 100 ngati mmene mumachitira ndi PLA, chinthu chidzaoneka chokongola koma chidzang'ambika m'mizere mukachipinda.

PETG ili ndi makhalidwe atatu amene amatopetsa oyamba kumene. Imasiya ulusi ngati wa kangaude pakati pa zigawo. Kwezani retraction (kubwezera filamenti m'mbuyo nozzle ikamadumpha mpata) kufika mamilimita 5 kapena 6 pa printa ya kachubu, ndipo ngati ulusi ukupitirira tsitsani kutentha ndi madigiri 5. Imamatirira ku nozzle n'kupanga chotupa chakuda chimene chimagwera pa chinthu. Izi zimachitika mzere woyamba ukafinyidwa kwambiri, choncho kwezani nozzle pang'ono kuposa mmene mumaikira PLA. Lachitatu ndilo lowononga ndalama: imagwira galasi la pa bedi kapena pepala losalala la PEI lokutira bedi mwamphamvu moti imatha kumatula kachidutswa ka bedi. Pakani guluu wa ndodo wa ana a sukulu musanasindikize, ndipo dikirani bedi lizizire musanachotse chinthucho.

Za mtundu, zinthu za panja zikhale zoyera kapena zotuwa. Chakuda chimamwa dzuwa ndipo chimatentha kwambiri kuposa choyera chokhala pamalo omwewo. PETG imapirira dzuwa ndithu, koma pakapita zaka imazilala n'kuyamba kuuma. Penti yopopera imatalikitsa moyo wake.

Nanga ABS imene anthu akuitama? Mbiri yake ili ndi chiyambi. Njira iyi yosungunula ulusi wa pulasitiki n'kuusanja mzere pa mzere anaiyambitsa Scott Crump wa kampani ya Stratasys chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makina a m'mafakitale ankagwiritsa ntchito ABS m'bokosi lotseka lotenthetsedwa. Maprinta otchipa anafala pambuyo pa ntchito ya RepRap, yopanga maprinta amene aliyense angadzipangire, imene Adrian Bowyer anayamba ku yunivesite ya Bath ku England mu 2005, ndiponso patenti (chilolezo choletsa ena kukopera) ya njirayi itatha mu 2009. ABS inatsatira, koma bokosi lotentha lija silinabwere nayo. Pamenepo ndi pamene pali vuto. ABS imakwinyika ikamazizira, pafupifupi theka la milimita pa mamilimita 100 alionse. Pa printa yotseguka mizere ya pamwamba imazizira msanga n'kukoka ya pansi, ngodya zimanyamuka pa bedi, ndipo chinthu chachitali chimang'ambika pakati. Kamphepo kolowa pakhomo la shopu, makamaka mu Juni ndi Julayi, n'kokwanira kuwononga ntchito ya maola asanu. Imafuna nozzle pa 240 mpaka 260 ndi bedi pa 100 mpaka 110. Imatulutsanso mpweya wa styrene umene umapweteka mutu ndi maso mu kashopu kakang'ono. Ndiye mutavutika chonsecho, ABS siigwirizana ndi dzuwa: imasanduka yachikasu n'kuyamba kuthetheka.

Ngati tsiku lina mudzafune pulasitiki ya banja limeneli, mudzadumphe ABS n'kugula ASA. Imasindikizidwa mofanana, zovuta zake n'zofanana, koma imapirira dzuwa zaka zambiri, n'chifukwa chake amapangira zigawo zakunja za magalimoto. Mudzayambe mwapanga bokosi la mapulanga kapena plywood lokhala ndi chitseko, bokosi la magetsi a printa likhale kunja kwake kuti lisatenthe, ndipo printa ikhale pamalo opita mphepo kutali ndi pamene mumakhala tsiku lonse.

Nayiloni ndi yolimbadi, makamaka pa magiya, mabushi ndi zonse zokhulana, ndipo siopa girisi, oilo kapena dizilo. Koma printa yanu panopa singaikwanitse. Maprinta ambiri otchipa ali ndi kachubu koyera kaja, ka pulasitiki ya PTFE, kofika mpaka pa nozzle penipeni. Kachubuka kamayamba kuwonongeka mukamasindikiza nthawi yaitali kupitirira madigiri 240 mpaka 250, ndipo kakapsa kamatulutsa mpweya woipa kwa munthu, umene umapha mbalame mofulumira. Nayiloni imafuna 250 mpaka 280. Pamafunika hotend (gawo lotenthetsa filamenti) yachitsulo chokhachokha, bokosi, ndi chowumitsira filamenti, chifukwa nayiloni imamwa chinyezi cha mumpweya pa maola ochepa chabe. M'miyezi ya mvula mpukutu wosiyidwa pamtunda usiku umodzi umakhala utanyowa kale. Polycarbonate imafuna kutentha koposa pamenepo, ndiye tiisiye. Mipukutu yosakaniza ndi carbon fibre nayo idikire: imadya nozzle ya brass mpukutu umodzi usanathe, imafuna nozzle yachitsulo cholimba, ndipo ngakhale imaumitsa chinthu, siwonjezera kugwirana kwa mizere.

Pulasitiki imene simunaifunse koma ikugwirizana ndi shopu yanu ndi TPU, yofewa ngati labala. Gulani yolembedwa 95A, chifukwa yofewa kuposa pamenepo imapindikira mu kachubu. Imapanga makava a mafoni, mawasha otsekera madzi, timiyendo ta zipangizo, ndi kapilo kopyapyala koika mkati mwa chogwirira foni kuti kugwedezeka kwa njinga yamoto pamsewu wa fumbi kusaononge kamera. Nozzle ikhale pa 220 mpaka 230, bedi pa 40 mpaka 50, liwiro lotsika kwambiri, mamilimita 15 mpaka 25 pa sekondi, ndipo retraction ikhale yochepa kapena muizimitse. Mukafulumira filamenti imatulukira pambali pa giya ya extruder (gawo lokankha filamenti) n'kukolana. Nayonso imafuna guluu pa bedi kuti ichoke bwino.

Tsopano mpukutu umene ukuthyokawo. Zifukwa ndi ziwiri ndipo zimayendera limodzi. PLA yokhalitsa pamtunda imamwa chinyezi n'kuyamba kuthyoka msanga, ndipo gawo limene latsala mu kachubu masiku ambiri limakhala litawongoledwa mokakamiza, ndiye limathyoka. Mukamaliza ntchito muzitulutsa filamenti mu printa. Filamenti yonyowa imadziwika ndi kuthetheka pa nozzle, tithovu pa ulusi wotuluka, khungu lokhakhala pa chinthu ndi ulusi wochuluka. Dulani mamita awiri oyamba mutaye, otsalawo muumitse. Ngati mulibe chowumitsira, bedi la printa lomwelo ligwira ntchito: gonekani mpukutu pa bedi, vundikirani ndi katoni yoboola timabowo tingapo pamwamba kuti nthunzi izituluka, ikani bedi pa 50 maola asanu kapena asanu ndi limodzi, n'kutembenuza mpukutu pakati pa nthawiyo. PETG imafuna 65 mpaka 70 pa bedi, maola omwewo. Musayanike padzuwa, musaike mu uvuni ya kukhitchini kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa kutentha kukadumpha pang'ono mizere ya mpukutu imamatirirana ndipo kilogalamu yonse yatayika.

Kusunga n'kosavuta. Pezani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chothina, muikemo mipukutu pamodzi ndi silica gel wokwanira, osati kapaketi kamodzi kamene kamabwera mu mpukutu. Mpunga suthandiza kwenikweni. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpukutu uzituluka mu ndowa pa nthawi yosindikiza yokha. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mdani ndi fumbi, limene limakwera pa filamenti n'kukatseka nozzle ya mamilimita 0.4. Kachidutswa ka siponji kopanidwa pa filamenti isanalowe mu extruder kamapukuta fumbilo.

Pali nkhani ina imene imaposa mtundu wa pulasitiki, ndiyo kagonekedwe ka chinthu pa bedi. Chinthu chosindikizidwa chili ngati chikuni: nkhwangwa ikatsata mitsempha chimang'ambika msanga, ikadutsa chopingasa chimakana. Mphamvu yake ili motsata mizere, kufooka kwake kuli pakati pa mzere ndi mzere. Mbedza yosindikizidwa choimirira imaduka pa mzere umodzi ngakhale ikhale ya nayiloni, pamene yogonekedwa cham'mbali ya PETG imanyamula katundu woposa. Musanasindikize, onani kumene mphamvu idzakokere ndipo mugoneke chinthu kuti mizere itsate njira imeneyo. Kulimba kumachokeranso ku makoma kuposa zodzaza mkati. Makoma anayi kapena asanu ndi infill (zodzaza mkatizo) ya 30 peresenti amapambana makoma awiri ndi infill ya 80. Ngodya zakuthwa za mkati muzizizungulitsa, chifukwa mng'alu umayambira pamenepo. Pa zigawo zolowana siyani mpata wa mamilimita 0.2, ndipo pofunika bawuti siyani malo olowetsamo nati yachitsulo m'malo modalira mazinga a pulasitiki.

Pa zolumikizira mapaipi, PETG ikwanira ngati madzi akuchokera mu thanki pa nsanja. Mamita 10 a kutalika amapereka mphamvu ya madzi ya pafupifupi bar imodzi, ndiye thanki ya pa nsanja ya mamita atatu ikupereka 0.3 bar yokha. Sindikizani choimirira kuti bowo likhale lozungulira bwino, khoma likhale la mamilimita atatu lodzaza lonse, mizere ya mamilimita 0.2 kapena kucheperapo, kutentha kukhale chakumtunda kwa muyezo ndipo fani ikhale yotsika. Popeza choimirira n'chofooka pochipinda, nenepetsani pamene khosi likukumana ndi thupi. Muyese ndi madzi usiku wonse musanapereke kwa mlimi. Potulukira pampu ya injini kapena ya sola musaikepo chosindikizidwa, madzi adzapeza njira pakati pa mizere. Ndiponso ngati cholumikizira cha PVC chikupezeka mu hadiweya mtauni, muuzeni mlimi akagule chimenecho. Phindu lanu lili pa zimene sizipezeka: cholumikizira mapaipi a miyezo yosiyana, kachivundikiro kotayika, kagawo ka pampu yoponda imene anasiya kuitanitsa.

Pa masipuleya ndikupemphani musamale kwambiri. Zokolowekera malamba, chogwirira mpini ndi kokolowekera ndodo mungapange ndi PETG popanda nkhawa. Koma nozzle ya sipuleya, valuvu, ndi chilichonse chosunga mankhwala opanikizidwa musasindikize. Bowo la nozzle likalakwika pang'ono, muyezo wa mankhwala pa thonje kapena pa tomato umalakwika nawo. Gawo likang'ambika mlimi ali pakati pa munda, mankhwala amamuthira pamsana ndi m'manja. Mankhwala ambiri amadzi olembedwa EC ali ndi zosungunulira zimene zimafewetsa ABS ndi ASA ndipo zimatha kung'alula mapulasitiki ena. Matanki a masipuleya amapangidwa ndi polyethylene kapena polypropylene pa chifukwa chimenechi. Filamenti ya polypropylene ilipo, koma imakwinyika kuposa ABS ndipo simatirira pa bedi wamba. Pa gawo lililonse limene mankhwala, petulo kapena parafini angalikhudze, sindikizani tizidutswa tiwiri, kamodzi mukaviike mu botolo lagalasi lotseka kwa sabata, mutavala magolovesi, kenako mupinde tonse tiwiri n'kuyerekeza.

Tomwera nkhuku ta PETG tilibe vuto malinga tizitsukidwa ndi burashi kawirikawiri, chifukwa timipata ta pakati pa mizere timasunga ndere ndi tizilombo. Chabwino koposa n'kusindikiza chogwirira ndi chokolowekera, pomwera penipeni pakhale nipo kapena kapu yogula. Pa chifukwa chomwechi, makapu, masupuni ndi mabotolo a ana musapange, kaya pa mpukutu palembedwe zotani.

Malaiti nawo ali ndi mawu posankha. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankapitira maola ochuluka patsiku. Printa yaing'ono imakoka mawati 300 kapena kuposerapo potenthetsa, kenako 100 mpaka 150 posindikiza PLA kapena PETG. Bedi la madigiri 100 la ABS limakoka kwambiri kuposa pamenepo. Ntchito ya maola asanu ndi limodzi pa mawati 150 ikufuna ma watt-hour 900. Batire ya 12 V 100 Ah ili ndi 1200, koma ya lead acid simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye imodzi sikwana. Maprinta ambiri amatha kupitiriza pamene analekera, koma bedi likazizira chinthu chimamasuka chokha, ndipo ABS ndiyo imamasuka msanga. Ngakhale chitapanda kumasuka, mzere umene printa inaimira umakhala wofooka. Zinthu zazikulu muzizigawa m'zidutswa za maola awiri kapena atatu zomangidwa ndi mabawuti, ndipo inveta ikhale ya pure sine wave.

Ndiye pa mipukutu itatu ija, ine ndingatenge PETG iwiri, woyera ndi wotuwa, ndi TPU 95A umodzi. PLA yotsalayo muiumitse izikhala yoyesera muyezo. Pogula onetsetsani kuti ndi ya mamilimita 1.75, chifukwa palinso ya 2.85 imene singalowe mu printa yanu, ndipo thumba lake likhale lothina lopanda mpweya. Ikafika yesani kunenepa kwake ndi choyezera cha vernier malo angapo. Ngati ikusiyana kupitirira mamilimita 0.05 idzavuta. Wotumiza amuuze wa basi kuti katunduyo asakhale pafupi ndi injini kapena padzuwa pa ulendo wa makilomita opitirira 500 wa Great East Road. Mpukutu wa kilogalamu imodzi uli ndi mamita pafupifupi 330. Pulogalamu ya pa kompyuta ya Cura kapena PrusaSlicer imakuuzani magalamu a chinthu musanasindikize, choncho chogwirira cha magalamu 50 chimatuluka ka 20 pa mpukutu, kuchotsapo zolephereka. Mtengo wanu muuwerengere pamenepo, kuphatikiza maola a printa ndi malaiti. Mpukutu uliwonse watsopano muuyambe ndi kansanja koyesera kutentha kotsika ndi madigiri 5 pa gawo lililonse, mukathyole ndi manja, ndipo mulembe pa mpukutu madigiri amene anakana kuthyoka.

Pali ntchito zina zoyenera kukana ngakhale kasitomala aumirire. Zigawo za mabuleki, za chiwongolero, zopondera za njinga yonyamula anthu, ndi zozungulira mwaliwiro mu chigayo kapena makina oswera nsawa zipite kwa wa lathe kapena wowotcherera. Mungamuthandize posindikiza chitsanzo cha PLA kuti aone muyezo. Mabokosi a mawaya a 230 V asakhale a filamenti wamba, chifukwa imayaka ndi kudontha moto. Mukadzafuna kusintha hotend kuti muyambe ASA kapena nayiloni, pezani munthu wodziwa firmware (pulogalamu ya mkati mwa printa) akuthandizeni kukonza PID (kayendetsedwe ka kutentha) ndi kutsimikiza kuti chitetezo cha thermal runaway, chozimitsa chotenthetsera kutentha kukasokonekera, chikugwira ntchito, chifukwa maprinta ena akale anabwera chili chozimitsa, ndipo thermistor (kachipangizo koyeza kutentha) ikasololoka hotend imangotentha mpaka moto. Miyezi ingapo iliyonse sololani kachubu ka PTFE muone nsonga yake. Ikada kapena kufota, dulani mowongoka kapena ikani katsopano. Ngati mutasindikiza pa kutentha kwambiri mwamva kuzizidwa, chifuwa chothina kapena mutu wosaleka, zimitsani printa, tulukani panja, ndipo mupite kuchipatala mukawauze kuti munapuma utsi wa pulasitiki.